Alberto Giacometti ndi Tianthu Tokwana M'bokosi la Machesi

Ndili mwana ndinkaumba ng'ombe zadothi kudambo, ndipo ndinakula ndikuganiza kuti mmisiri weniweni ndi amene amaumba zinthu zikuluzikulu. Mbiri ya Alberto Giacometti ndiyo inandisintha maganizo.

Giacometti anabadwa mu 1901 m'mudzi wa Borgonovo ku Switzerland. Bambo ake, a Giovanni, anali katswiri wojambula zithunzi. Mu 1922 mnyamatayu anapita ku Paris kukaphunzira luso loumba. Usiku wina mu 1937 anaona bwenzi lake Isabel ali chapatali mumsewu wa Saint-Michel, akuoneka wamng'ono zedi pakati pa mdima. Chithunzi chimenechi chinamukanirira m'mutu.

Nkhondo Yachiwiri ya Padziko Lonse ili mkati, iye anakakhala m'kachipinda ka hotela ku Geneva kuyambira 1942 mpaka 1945. Kumeneko ankayesetsa kuumba munthu monga momwe anamuonera usiku uja. Akamapala pulasitala ndi kampeni, chifanizo chinkangocheperachepera mpaka kukwana m'bokosi la machesi, ndipo nthawi zina chinkafumbutuka n'kutheratu. Izi zinkamusautsa mtima, komabe sanagwe ulesi.

Atabwerera ku Paris mu 1945 anayamba kuumba anthu aatali, owonda ngati bango, amene anamutchukitsa dziko lonse. Anamwalira ku Chur mu 1966.

Ngakhale zili choncho, ine timene timandikhudza ndi tianthu ta ku Geneva tija. Ndikationa pa chithunzi ndimakumbukira mmene mayi anga ankacheperera m'maso mwanga basi ikamanyamuka kunditengera kusukulu yogonera komweko.