Samuel Josiah Nthara, Mphunzitsi ndi Mlembi wa ku Nkhoma

Munthu akachoka ku Lilongwe ndi mseu wa ku Dedza, napitirira Nathenje, amafika pa Kamphata pamene pali mphambano yopita ku Nkhoma. Kumeneko, patsinde pa phiri, ndiko kudagwira ntchito mphunzitsi wina amene dzina lake liyenera kudziŵika kwa yense wophunzitsa ana kuŵerenga Chicheŵa. Iyeyu ndi Bambo Samuel Josiah Nthara, amene m'mabuku a Chingerezi dzina lawo limalembedwa Ntara.

Bambo Nthara adabadwa m'chaka cha 1905, ntchito ya mishoni ya Dutch Reformed Church isanakwanitse zaka 20 m'Chigawo cha Pakati. Mishoniyi idayamba ku Mvera mu 1889, ndipo Nkhoma idatsegulidwa mu 1896. Iwo adaphunzira m'sukulu za mishoni yomweyi, naphunziranso zauphunzitsi, nakhala mphunzitsi.

Tiyenera kuganizira bwino za mwana wa sukulu wa masiku amenewo. Ankaphunzira malembo ndi maphatikizo, ndipo akadziŵa kulumikiza mawu, chimene chinkamuyembekezera chidali katekisimu, buku la nyimbo ndi Buku Lopatulika, limene lidatuluka lathunthu mu 1922 pansi pa utsogoleri wa William Murray. Mabuku ameneŵa adali ndi Chinyanja chokoma, koma nkhani zake zidali za maiko akutali, za ngamira, mipesa ndi zipululu. Mwana ankatha kutchula liwu lililonse molongosoka koma osaona m'maganizo mwake chimene akutchulacho. Aphunzitsi tonse timaudziŵa mtundu umenewu wa kuŵerenga: pakamwa pakugwira ntchito, mutu uli kudambo kumene kuli ng'ombe.

Ku London kudali bungwe lotchedwa International Institute of African Languages and Cultures, limene linkachititsa mpikisano wa mabuku olembedwa m'zinenero za mu Africa. Bambo Nthara adaloŵa nawo mpikisanowo ndi buku lawo la Nthondo, ndipo adapata mphotho. Bukuli lidasindikizidwa mu 1933, iwo asanafike zaka 30. Chaka chotsatira, 1934, T. Cullen Young, amene adagwirapo ntchito ku Livingstonia, adalimasulira m'Chingerezi nalitcha Man of Africa, ndipo katswiri wa sayansi Julian Huxley ndiye adalemba mawu otsogolera.

Nthondo ndi mbiri ya munthu wa kumudzi kuyambira kubadwa mpaka imfa. Mnyamatayo akukula wosamva, wakuba ndi wovutitsa abale ake. Akupita kunja kukafuna ntchito monga ankachitira amuna ambiri a dziko lino. Akubwerera kwao, akuloŵa ufumu, ndipo potsiriza akutembenuka mtima nakhala Mkhristu. Phindu la bukuli kwa ife silili m'kutchuka kwake kwa Azungu ai. Lili m'chakuti mwana wa ku Mitundu akaliŵerenga amapezamo mudzi wonga wake, bwalo la milandu, maliro, munda, amalume ndi mphamvu zawo pa ana a mlongo wao. Zimene akuŵerenga zimakumana ndi zimene akudziŵa kale, ndipo kumvetsa kumabadwira pamenepo. Akatswiri a maphunziro adadzafotokoza mfundo imeneyi ndi mawu akuluakulu patapita zaka zambiri, kuti woŵerenga amamvetsa nkhani pogwiritsa ntchito nzeru zimene wabwera nazo. Mphunzitsi wa ku Nkhomayu adangoichita.

Tsono taonani m'mene nkhani yotere imathandizira pofunsa mafunso. Ambiri a ife timakonda mafunso amene yankho lake lili poyera m'ndime: adapita kuti, adatenga chiyani, adakumana ndi yani. Mafunso otere ali ndi malo ake, koma mwana wochenjera amaŵayankha pongoloza chala pa mzere, ngakhale sadamve kanthu. Nthondo ndi munthu wosakaniza zabwino ndi zoipa, motero amatipatsa mpata wofunsa zozama. Chidamuchititsa kuba nchiyani? Abale ake akadachita chiyani kuti amuwongole? Kodi munthu wa mbiri yotere ngwoyenera ufumu? Pa mafunso aŵa mwana sangaloze chala. Ayenera kusonkhanitsa zimene waŵerenga m'masamba angapo, kuziyeza ndi zimene adaona kwao, ndi kunena maganizo ake m'mawu akeake. Ana aŵiri akasiyana mayankho, mphunzitsi asathamangire kuŵeruza. Aŵatume abwerere m'ndime kukatenga umboni.

Sitibisa kuti bukuli lidalembedwa ndi diso la mishoni. Mathero ake ngodziŵikiratu, ndipo ena amaona kuti moyo wa Nthondo wosamvera uja udalembedwa mwamphamvu kuposa moyo wake wotembenuka. M'kalasi la ku Nathenje muli ana a mipingo yosiyanasiyana, ana a Chisilamu, ndi ana a m'mabanja a gule wamkulu. Mphunzitsi wanzeru sangaŵakakamize onse kugwirizana ndi mlembi. Koma angathe kufunsa ana a Sitandade 7 kapena 8 kuti mlembiyu ankafuna kuti oŵerenga akhulupirire chiyani, nanga akudziŵira pati. Kuzindikira cholinga cha mlembi ndi gawo lapamwamba la kumvetsa nkhani, ndipo kaŵirikaŵiri timalisiya osaliphunzitsa.

Bambo Nthara sadalekere pa Nthondo. M'zaka za m'ma 1940 adatulutsa Mbiri ya Acheŵa, atasonkhanitsa zimene akuluakulu ankakumbukira za Kalonga, Undi, Mwase wa ku Kasungu ndi mafumu ena, ndiponso za Makeŵana ndi kachisi wa mvula wa ku Msinja. Kwa ana a kumwera kwa Lilongwe, amene amaona mapiri a Dzalanyama ndi phiri la Bunda tsiku ndi tsiku, iyi si mbiri ya kutali. Mwana angathe kuŵerenga ndime m'kalasi, madzulo nkukafunsa agogo ake, m'maŵa nkubwera ndi mbali ina imene bukulo silidanene kapena imene ikutsutsana nalo. Bukuli lidamasuliridwa m'Chingerezi ndi W. S. Kamphandira Jere, nilisindikizidwa ku Wiesbaden m'dziko la Germany mu 1973, ndipo akatswiri a mbiri yakale amalitchulabe.

Adalembanso mbiri ya mfumu Msyamboza ya ku Dowa, imene Cullen Young adaimasulira mu 1949 ndi dzina la Headman's Enterprise. Buku la Nchowa. Ndiponso mbiri ya Mbusa Namon Katengeza, mmodzi wa abusa aŵiri oyamba achikuda a mpingo wa Nkhoma, amene adadzozedwa mu 1925. Padalinso kabuku ka mawu okuluŵika. Aka nkofunika kwa ife mwapadera, pakuti mwana amene amamva liwu lililonse monga lilili amasokera akakumana ndi chining'a, ndipo Chicheŵa cha akulu nchodzaza ndi zining'a.

Bambo Nthara adakhala ndi moyo mpaka kuona dziko likulandira ufulu mu 1964, ndi chinenero chimene adachilembera chikusankhidwa kukhala cha fuko lonse mu 1968, dzina lake litasintha kuchoka pa Chinyanja kukhala Chicheŵa. Adamwalira m'zaka za m'ma 1970, patatha zaka zoposa 40 chitulukire Nthondo.