Pancho Guedes ndi Mkango Woseka

Mukagulitsa mbatata ya kacewere n'kufuna kumanga nyumba, mumaitana mmisiri. Iye amalemba pansi ndi kamtengo, apa cipinda, apa khomo. Nyumba zambiri kuno ku Domwe zimayamba conco. Koma nyumba yosanjikizana ya kampani siyamba ndi kamtengo ayi. Pamafunika katswiri woti ayambe waijambula papepala. Pa Cipwitikizi amati arquitecto.

Lero muwerenga za katswiri wina wotere. Dzina lake anali Amâncio Guedes, koma anthu ankangoti Pancho. Anabadwira ku Lisbon, ku Portugal, m'caka ca 1925. Anabwera ku Mozambique ali mwana, pamodzi ndi makolo ake. Atakula anakaphunzira zojambula nyumba ku yunivesite ya Witwatersrand, ku Johannesburg. Ca m'ma 1950 anayamba nchito mu mzinda wa Lourenço Marques, umene lero timati Maputo.

Masiku amenewo kunabwera kamangidwe katsopano kocokera ku Ulaya. Ankamanga ndi simenti, zitsulo ndi magalasi. Makoma ankakhala osalala, opanda cokongoletsa ciliconse. Makampani anakakonda kamangidwe kameneka. Koma kunena zoona, nyumba zambiri zinkangofanana ngati mabokosi a macesi.

Pancho naye ankagwiritsa nchito simenti yomweyo, koma mabokosi sankawafuna. Anthu ophika buledi atamupempha pulani ya bekari ya Saipal, iye anajambula denga lokhota, lotukuka ngati buledi wofufuma. Pa nyumba ya kampani ya Abreu, Santos e Rocha anakongoletsa khoma ndi timiyala tating'ono, kupanga zithunzi. Tangoganizani amisiri akumata kamwala kamodzikamodzi pakhoma lalitali conco!

Nyumba yake yochuka kwambiri ndi ya m'caka ca 1958, yochedwa O Leão Que Ri. Tanthauzo lake ndi Mkango Woseka. Ndi nyumba ya mabanja angapo, yoima pa mizati ngati nyama pa miyendo yake. Pansi pake pankaima magalimoto. Zipinda za anchito anaziika pamwamba, padenga.

Apa muime kaye, muganize. Anchito amenewo anali anthu akuda. Okhala m'zipinda zabwino anali azungu. Mzinda wa simenti unali wa atsamunda. Eni dziko ambiri ankakhala kunja kwake, m'nyumba za bango, kumalo ochedwa caniço. Ndiwo ankanyamula mcenga ndi kuponda matope, koma madzulo ankabwerera ku bango.

Pancho ankadya ndalama za mzinda wa simentiwo, izi sitingabise. Koma sanatseke maso. Mu 1963 analemba m'nyuzipepala kuti mzindawo ukudwala, cifukwa ca mmene anthu a ku caniço ankakhalira. Ankakondanso kuona nchito za osema ziboliboli ndi za ojambula a konkuno, ndipo ankaphunzirako kwa iwo.

Mmodzi wa ojambulawo mwina munamumvapo: Malangatana. Ali mnyamata, Malangatana ankatola mipira pabwalo la tenesi, kwinaku akujambula zithunzi usiku. Pancho ataona zithunzizo anamupatsa garaja ya kunyumba kwake kuti azijambuliramo, ndipo ankamugula zithunzi mwezi ndi mwezi. Mu 1961 Malangatana anaonetsa zithunzi zake payekha koyamba. Pambuyo pake anachuka dziko lonse lapansi.

Ulamuliro wa Apwitikizi utayamba kugwa mu 1974, azungu ambiri anacoka m'dziko muno. Pancho ndi banja lake nawonso anacoka, kusiya mzinda umene anaugwirira nchito zaka pafupifupi 25. Mu 1975 anakhala mkulu wa sukulu ya zojambula nyumba ku Witwatersrand, komwe anaphunzira kuja. Anakhala pa udindowu mpaka 1990. Kenako anakaphunzitsa ku Lisbon. Anamwalira ku South Africa mu 2015, ali ndi zaka 90.

Kucoka ku Domwe kukafika ku Maputo ndi ulendo wa makilomita oposa 1,500. Mukadzapita, mudzafunse za Mkango Woseka. Ulipobe. Tsopano okhalamo ndi ana a Mozambique.