Augustine wa ku Hippo: bishopu amene anali kuswela pa milandu ya abale

Ambili timam'dziwa Augustine monga mphunzitsi wa cisomo ca Mulungu, amene mabuku ake anathandiza Martin Luther ndi John Calvin. Koma kwa anthu a mumpingo wake, iye analinso munthu wothamangilako akakangana pa nkhongole, pa malo kapena pa cuma ca masiye.

Anabadwa mu 354 ku Thagaste, m'dziko limene lelo ndi Algeria. Amai ake, Monica, anali Mkhristu, koma iye anasocela zaka zambili. Anabatizidwa ndi Ambrose ku Milan mu 387, nabwelela kwao. Mu 391 anadzozedwa ku Hippo, mzinda wa m'mbali mwa nyanja, ndipo patapita zaka zocepa anakhala bishopu wa kumeneko.

Kuyambila nthawi ya mfumu Constantine, lamulo la Aroma linali kulola Akhristu kutula milandu yao kwa bishopu. Ku makhoti a boma milandu inali kucedwa ndi kudya ndalama, conco anthu anali kukhamukila kwa Augustine. Mnzake Possidius, amene analemba mbili yake, anakamba kuti iye anali kumva milandu kufikila nthawi ya cakudya, ndipo masiku ena anali kuswela ndi njala tsiku lonse.

Nchitoyi sanali kuikonda. Mtima wake unali pa kupemphela, kuwelenga ndi kulemba, ndipo anali kudandaula kuti phokoso la milandu likum'landa nthawi. Anadziwanso kuti woweluza mabwenzi awili amataya mmodzi. Koma anaona kuti 1 Akorinto 6 yam'manga manja. Mmenemo Paulo adzudzula abale osumilana kwa osakhulupilila. Ngati mpingo uletsa ana ake kukokelana kukhoti, uyenela kuwakhazika pansi ndi kuwamva.

Pomva mlandu sanali kungofuna wolakwa. Anali kuyang'ananso moyo wauzimu wa onse awili ndi kuwaphunzitsa Malemba. Polalikila pa Mateyu 18, anaphunzitsa kuti colakwa cobisika cikambidwe mseli, pakuti colinga ndi kubweza mbale, osati kum'cititsa manyazi. Ocimwa poyela ndiwo anali kuwadzudzula poyela, monga 1 Timoteo 5:20 inenela.

Muyeso womwewo unafika ndi m'nyumba mwake. Ca m'ma 425, Januarius, mmodzi wa abusa okhala naye amene analonjeza kusakhala ndi cuma caocao, anamwalila atalemba wilo. Ndalama anasiila mpingo, ana ake awili n'kuwamana, ndipo anawo anayamba kukangana. Augustine sanabise nkhaniyi. Anaiulula paguwa, nakana kuti mpingo ulandile ndalamazo, nalonjeza kumva mlandu wa anawo pamodzi ndi abale ena okhulupilika. Pasanapite nthawi yaitali, anauza mpingo kuti anawo agwilizana kugawana. Mpingo unataya ndalama, koma mlongo ndi mlongo wake anayanjananso.

Mu 426, ukalamba utam'peza, anapempha mpingo kuti Heraclius am'landile mtolo wa nchito za tsiku ndi tsiku. Anamwalila pa 28 August 430, ali ndi zaka 75, adani ochedwa Vandals atazinga mzinda wa Hippo. Iye sanasiye wilo, cifukwa analibe cosiya.

Abale ndi alongo, mikangano ya nkhongole ndi ya cuma ca masiye ikali pakati pathu. Milandu yaupandu ili ndi malo ake ku boma, monga Aroma 13 iphunzitsila. Koma pa zosiyana zathu za tsiku ndi tsiku, tiyambe tapita kwa mbale wathu, ndipo zikakanika, kwa akulu a mpingo. Nanunso akulu, mbale akagogoda ndi dandaulo, m'patseni mpando ndi nthawi, ngakhale nsima izizile.