Eusébio: mnyamata amene adachita kumubisa kuti timu ina isamulande

Msika wa osewera ukangotsegulidwa, nkhani zimakhala zokhazokhazo. Pa depoti ya Dedza, m'mavidiyo sho a pa Chimbiya, ngakhale pamalo odikirira kabaza, mumangomva kuti uyu akupita ku Bullets, uja Manoma amulanda, wina akuti wapeza timu ku Joni. Timakangana za mtengo wa wosewera mpaka mawu kusasa. Koma ndi angati mwa ife amafunsa kuti mnyamatayo akakafika kumeneko akamulandira ndani, akagona kuti, nanga ndalama zake akamusungira ndani? Patsamba lathu la mbiri mwezi uno tikukupatsirani moyo wa munthu wa dziko loyandikana nafe, lomwe malire ake ali pakhomo pathu pompano. Ambiri a inu munali ana pomwe ankamwalira, koma afunseni agogo anu amene ankamvera mpira pa wayilesi, dzina la Eusébio akulidziwa.

Ubwana wake

Eusébio da Silva Ferreira adabadwa pa 25 Januwale 1942 ku Mafalala, dera la anthu osauka mumzinda wa Lourenço Marques, womwe lero timautcha Maputo. Nthawi imeneyo Mozambique inali m'manja mwa Apwitikizi. Bambo ake ankachokera ku Angola ndipo ankagwira ntchito ku njanji. Adamwalira ndi kafumbata mwanayo ali ndi zaka 8, ndiye udindo wonse wolera ana udagwera mayi ake, a Elisa Anissabeni.

Mpira adauyamba ngati mmene tidayambira tonsefe: wopanda nsapato, pafumbi, mpira wake wachikulunga. Kwawoko ankaukulunga ndi manyuzipepala n'kuwalonga m'sokosi yakutha. Iye ndi anzake adapanga katimu kawo n'kukatcha Os Brasileiros, chifukwa ankasirira osewera a ku Brazil a nthawi imeneyo.

Atasinkhuka adapita ku Desportivo, timu ya pamtima pake, yomwe inali pa ubale ndi Benfica ya ku Lisbon. Kumeneko adamubweza osamuona n'komwe mmene amamenyera mpira. Anzathu amene mudabwezedwapo pachipata, imvani bwino pamenepa: munthu amene adadzakhala katswiri wa ku Ulaya konse, timu yoyamba idamukana. Sadakhale pansi n'kumalira. Adapita ku Sporting ya ku Lourenço Marques komweko, yomwe lero ndi Maxaquene, ndipo kumeneko adamutenga. Pofika 1960 anali atayamba kale kuvutitsa magoloboyi mu timu yaikulu.

Mkangano wa matimu awiri

Apa ndi pomwe nkhani imakoma. Sporting ya ku Lourenço Marques inali ngati mwana wa Sporting ya ku Lisbon, ndipo Sporting ndi Benfica ndi adani a mumzinda umodzi, monga Maule ndi Manoma ku Blantyre. Mwachizolowezi, mnyamata wabwino wa timu yaing'onoyo ankayenera kupita kwa kholo lake.

Koma munthu wina wa ku Brazil, José Carlos Bauer, yemwe adasewerapo mu World Cup, adamuona mnyamatayo ali paulendo ku Mozambique. Nkhani yomwe imakambidwa kwambiri ndi yoti Bauer adakumana ndi kochi wa Benfica, Béla Guttmann, pamalo ometera tsitsi ku Lisbon, n'kumuuza za kamnyamata kothamanga ngati mphepo komanso kowombera mpira ngati mfuti. Benfica sidachedwe. Idapita kukakambirana ndi banja lake, mayi ake n'kuvomera ndi kusaina. Eusébio mwini ankafotokoza kuti a Sporting ankafuna kumutenga ngati mwana wongokayesedwa, pomwe a Benfica adabwera ndi kontrakiti ya wosewera wolipidwa. Mayi wamasiye wolera ana yekha adasankha pomwe panali pepala ndi chakudya. Mukanakhala inu mukanatani?

Mu Disembala 1960, ali ndi zaka 18, adatsika ndege ku Lisbon. A Benfica ankaopa kuti a Sporting amutsekereza panjira, choncho m'mauthenga awo sankatchula dzina lake. Ankagwiritsa ntchito dzina la mkazi, Ruth Malosso. Mkangano utakula, adamutengera kum'mwera kwa dzikolo, ku tauni ya m'mbali mwa nyanja yotchedwa Lagos, m'chigawo cha Algarve, n'kukamubisa kwa masiku angapo. Si Lagos ya ku Nigeria ayi.

Mlanduwo udatenga miyezi pafupifupi isanu. Nthawi yonseyi mnyamatayo ankangochita nawo zokonzekera, osaloledwa kusewera. Tangoganizani: wachoka kotentha, wafika ku Ulaya m'kati mwenimweni mwa chisanu, ngati mwana wa ku Nsanje kumutsitsa pa Bembeke usiku wa mu Juni. Amayi ali kutali, foni ya m'manja kulibe, akuluakulu akukangana za iwe ngati mbuzi ya pamsika. Adafika poganiza zobwerera kwawo, koma mayi ake adamulimbitsa mtima kuti apirire.

Mkulu wake wa kuchilendo

Chimene chidamupulumutsa si luso lokha. Ku Benfica adapezako munthu wakwawo, Mário Coluna, yemwe ankamuposa ndi zaka 6 ndipo adafika ku timuyo mu 1954 kuchokera ku Desportivo yomwe ija. Mayi a Eusébio adalembera Coluna kalata yomupempha kuti awayang'anirire mwana. Coluna sadaitaye kalatayo. Adamutenga mnyamatayo ngati mng'ono wake, kumutsegulira buku ku banki, kumuyang'anira kagwiritsidwe ntchito ka ndalama, kumuonetsa mmene anthu amakhalira mumzindawo. Eusébio naye ankamupatsa ulemu wa munthu wamkulu, ngakhale m'bwalo momwe.

Mu Meyi 1961 mlandu udatha, Benfica idapambana. Pa 23 Meyi adasewera masewero ake oyamba, opimana mphamvu ndi Atlético ya ku Lisbon komweko, ndipo adamwetsa zigoli zitatu. Mwezi wotsatira ku Paris, Benfica idakumana ndi Santos ya Pelé. Eusébio adayambira pabenchi, ndipo adalowa timu yake ikutsalira 4-0. Masewero adatha 6-3, Benfica idagonja, koma zigoli zake zonse zitatu adamwetsa ndi kamnyamata ka zaka 19 kochokera pabenchi. M'mawa mwake anthu ankakamba za iye.

Pa 2 Meyi 1962 ku Amsterdam, Benfica idakumana ndi Real Madrid mu fainolo ya chikho cha ku Ulaya, chomwe lero ndi Champions League. Popita kokapuma Madrid inkatsogola 3-2, zonse zitatu za Ferenc Puskás. Chigawo chachiwiri Coluna adabweza, 3-3. Kenaka Eusébio adagwetsedwa m'bokosi. Anthu amakumbukira kuti asanagwire mpira adayamba wapempha kaye kwa a Coluna ngati angaloledwe kumenya penateyo. Adaloledwa, adamwetsa, ndipo patangopita mphindi zochepa adaonjezera china. Benfica 5, Real Madrid 3. Masewero atatha, mnyamata amene adangomwetsa ziwiri mu fainolo ankachitabe manyazi kukapempha jezi ya Alfredo Di Stéfano, munthu amene ankamusirira ali mwana, mpaka adachita kutuma a Coluna omwewo.

Zaka za ulemerero

Mu 1965 adalandira Ballon d'Or, munthu wakuda woyamba kuilandira. Mu 1966 kudali World Cup ku England. Maiko a mu Africa adanyanyala mpikisanowo chifukwa FIFA sidawapatse malo awoawo ngakhale amodzi. Komabe Africa idalipo, yobisala mu jezi ya Portugal: Eusébio, Coluna, Hilário ndi Vicente onse adabadwira ku Mozambique.

Pa 23 Julayi ku Goodison Park, North Korea idadzidzimutsa dziko. Mphindi 25 zokha, Portugal inali itamwa kale zitatu. Eusébio adamwetsa zinayi motsatizana, ziwiri za penate, ndipo masewero adatha 5-3. Mu semifainolo adagonja 2-1 kwa England pa Wembley, ndipo adatuluka m'bwalo akulira poyera. Portugal idathera pa nambala 3, iye n'kukhala womwetsa zigoli zambiri mu mpikisano wonse, zigoli 9.

Inu masapota a Manchester United muli ndi chifukwa chomukumbukira. Mu fainolo ya 1968 pa Wembley, zigoli zili 1-1 nthawi itatsala pang'ono kutha, Eusébio adatsala yekha ndi goloboyi Alex Stepney. Adawombera mwamphamvu, Stepney n'kuugwira. M'malo motukwana kapena kumenya pansi, adaima n'kumuombera m'manja. United idapambana 4-1 mu nthawi yoonjezera.

Ku Benfica adakhala mpaka 1975. Adatenga ligi ka 11, chikho cha dzikolo ka 5, adakhala womwetsa zigoli zambiri mu ligi ka 7, ndipo nsapato yagolide ya ku Ulaya adaitenga mu 1968 ndi mu 1973. M'masewero 440 a mipikisano adamwetsa zigoli 473. Werenganinso bwino: zigoli zidaposa masewero. Ku timu ya dziko la Portugal adasewera ka 64 n'kumwetsa 41.

Mbali yowawa

Musaganize kuti zonse zinali uchi. Matimu olemera a ku Italy ankamufuna ndi ndalama zoposa kwambiri zomwe ankalandira. Iye mwini ankanena kuti wolamulira wankhanza wa Portugal, António Salazar, sadafune kuti achoke, poti boma linkamuona ngati chuma chake. Boma lomwelo linali pankhondo ndi anthu akwawo, chifukwa nkhondo yomenyera ufulu wa Mozambique idayamba mu 1964. Mpata wina wopita ku Inter Milan udatsekeka mu 1966, pomwe Italy idaletsa matimu ake kugula osewera akunja itachititsidwa manyazi ndi North Korea yomwe ija. Munthu amene dziko lonse linkamudziwa analibe ufulu wonse wosankha kokagwira ntchito.

Mawondo nawo adamuvuta. Ankamutchetcha kwambiri, ndipo adachitidwa maopaleshoni angapo. Pomwe ankamasuka mu 1975, chaka chomwe Mozambique idalandira ufulu, miyendo inali itatopa. Adakasewera ku Boston, ku Monterrey m'dziko la Mexico, ndi ku Toronto komwe adatenga ligi mu 1976, kenaka m'matimu ang'onoang'ono mpaka kusiya mpira chakumapeto kwa zaka za m'ma 1970. Adakhazikika ku Portugal ngati kazembe wa Benfica. Coluna ndiye adabwerera kwawo, mpaka kukhala mtsogoleri wa bungwe loyendetsa mpira ku Mozambique.

Eusébio adamwalira ndi matenda a mtima ku Lisbon pa 5 Januwale 2014, ali ndi zaka 71. Portugal idamulira masiku atatu. Pa 25 Febuluwale chaka chomwecho, Coluna naye adatsikira kulichete ku Maputo. Mkulu ndi mng'ono adatsatana pasanathe miyezi iwiri. Mu 2015 mafupa a Eusébio adasamutsidwira ku nyumba yomwe Apwitikizi amaikako anthu awo olemekezeka kwambiri, ndipo chiboliboli chake chili panja pa bwalo la Benfica, Estádio da Luz.

Kwa ife kuno ku Dedza

Chaka chomwecho cha 1961, mnyamata wina wa kuno kum'mwera kwa Africa, Albert Johanneson wa ku Germiston, adasainidwa ndi Leeds United. Luso anali nalo, ndipo mu 1965 adakhala munthu wakuda wa ku Africa woyamba kusewera fainolo ya FA Cup. Koma kutukwanidwa chifukwa cha khungu kudamudya mtima, adalowerera mowa, ndipo mu 1995 adapezeka atamwalira ali yekha m'nyumba ku Leeds. Anyamata awiri, chaka chimodzi, miyendo yonse yaluso, mathero osiyana. Kusaina n'chiyambi chabe.

Lero anyamata a ku Malawi akupita kukasewera ku Mozambique, ku Tanzania, ku South Africa. Ena a kuno kwathu akulota Dedza Dynamos, ena Silver Strikers. Nkhani zabwino zimenezo. Koma tsiku lomwe munthu adzabwere ndi galimoto yonyezimira kunena kuti wakupezerani timu, kumbukirani mayi Elisa. Nkhani ifike kunyumba, makolo ndi kochi wanu aimve. Pepala liwerengedwe lonse musanasaine, ndipo kope imodzi itsale ndi inu. Wokupezerani timu weniweni sayamba n'kukuuzani kuti mugulitse mbatatesi za mayi anu kuti mumulipire. Dziwaninso kuti malamulo a FIFA salola kusamutsa wosewera wosakwana zaka 18 kupita dziko lina, kupatula pa zifukwa zochepa zolembedwa. Ndipo ngati mwalembetsedwa bwino ku timu yanu, timu yomwe idakuphunzitsani kuyambira zaka 12 imayenera kupezapo kenakake mukadzagulidwa kunja. N'chifukwa chake timakuvutitsani za kulembetsa maina ndi zaka zenizeni. Safunsa adadya phula.

Tsono kwa ife amene tili kale mu timu: sizoni ino tilandira anzathu atsopano, ena ochokera ku Lobi, ena ku Linthipe, ena obwera ndi sukulu kuchokera kunyanja amene sadziwa kuti kuno masana a mu Julayi umafuna juzi. Mlendo akalephera kukhazika mpira masewero oyamba, timafulumira kunena kuti tagula mphaka m'thumba. Eusébio adakhala miyezi isanu osasewera, ndipo masewero ake oyamba a mpikisano adaphonya penate, timu n'kugonja 4-1 kwa Vitória de Setúbal. Akanakhala pakati pathu bwenzi titamupatsa kale dzina lachipongwe.

Sitonse tidzamwetse zigoli 473, koma ntchito ya Coluna aliyense angaithe. Mufunseni mnzanu watsopanoyo ngati wadya. Muonetseni njira yachidule yopita kugalaundi. Mubwerekeni juzi. Akaphonya, mupatseninso mpira. Makaputeni a matimu athu onse, ya anyamata ndi ya atsikana, tikupempha kuti wosewera aliyense watsopano apatsidwe mkulu wake womuyang'anira sizoni isanayambe. Lembani m'munsimu dzina la munthu amene mukufuna timukumbukire patsamba lino mwezi wamawa.