Brigid Woyera ndi Tsiku Lake

Abale, mwezi wa February, pamene nkhokwe zambiri kuno ku mapiri a Dedza zimakhala zitaona pansi, umayamba ndi tsiku la mkazi amene sanadziwe kumana wanjala. Ndiye Brigid Woyera wa ku Ireland.

Anabadwira ku Faughart cha m'ma 451. Atate wake Dubhthach anali mfumu, koma amake anali kapolo, ndipo mwanayo anakula akukama ng'ombe. Mbiri zakale zisimba kuti anali kugawira amphawi mkaka ndi mafuta a pabanja osafunsa, kufikira tsiku lina anapatsa wakhate lupanga la atate wake. Atakana kukwatiwa, anadzipereka kwa Mulungu, namanga nyumba ya anamwali opemphera ku Kildare cha m'ma 480. Anamwalira cha m'ma 525, ndipo Eklezia amkumbukira pa 1 February.

Tsono tsikuli linali lalikulu kwa anthu a dzikolo asanamve za Kristu. Analitcha Imbolc, chiyambi cha nyengo yofunda, ndipo anali ndi mulungu wao wamkazi, dzina lake Brigid lomwelo. Atatembenuka, miyambo ina anaitaya, ina analowa nayo m'Chikristu. Madzulo a 31 January banja linali kuluka mitanda ya udzu wa m'dambo wonga mlulu, ndi kuisomeka kutsindwi kuti moto ndi mphezi zisagwere nyumba. Pazenera anali kusiya mkate, poti woyerayo ayendera midzi usiku umenewo, ndi mtolo wa dzinthu wa ng'ombe yake. Kansalu kogona panja usikuwo anakasunga chaka chonse, kuti akamange pamutu ukamawawa. Tsikulo ena sanali kugwira ntchito yozunguza gudumu.

Tidziwa chimene ena mwa inu mudzafunsa: nanga ife anatitayitsiranji zithumwa, pamene Azungu atsirika nyumba zao ndi udzu? Funsolo nlabwino, ndipo sitilizemba. Za kansalu kaja ife sitiziyamikira, pakuti nsalu ilibe mphamvu yochiza, ngakhale igone panja ku Ireland kapena ku Bembeke. Koma mtanda uli ndi pake, malinga woulukayo apemphe Mulungu, osakhulupirira udzuwo.

Ana a ku Ireland akali kuluka mitandayo m'sukulu, ndipo kuyambira mu 2023 boma lao lapatula tsiku lopumula chaka ndi chaka m'dzina la mwana wa kapolo uja.