Socrates, mkulu amene sankabisa mawu

Lero tikumbukire mkulu wina wa mumzinda wa Athens, ku Greece, dzina lake Socrates. Anabadwa cha m'ma 470 B.C. (zaka za B.C. zimawerengedwa chotsika). Bambo ake ankasema miyala, mayi ake anali azamba.

Agiriki anali ndi liwu lakuti parrhesia, kutanthauza kunena zonse osabisa. Si miseche ayi, si kulongolola. Ndi kunena zoona pamaso pa munthu amene angathe kukupweteka, iwe ukudziwa bwinobwino.

Socrates ankayenda mumsika wopanda nsapato, n'kumafunsa akuluakulu mafunso mpaka umbuli wawo kuonekera poyera. Achinyamata ankasangalala, koma eni akewo ankasunga mangawa.

Mu 406 B.C., akuluakulu a asilikali apamadzi anapambana nkhondo ku Arginusae, koma namondwe anawalepheretsa kuvuula anzawo amene ankamira. Khamu linalusa, likufuna kuwaweruza onse pamodzi, chonsecho lamulo linkati aliyense aweruzidwe payekha. Socrates anali mmodzi mwa otsogolera msonkhanowo, ndipo anakana yekhayekha. Sanamumvere, akuluakulu 6 anaphedwa.

Mu 404 B.C., boma linagwa m'manja mwa amuna 30 ankhanza. Iwo anatuma Socrates ndi anthu ena 4 kuti akagwire Leon ku Salamis adzaphedwe. Enawo anapita, iye anangobwerera kwawo. Mwaona? Khamu analikanira, ankhanza anawakaniranso.

Mlandu wake unabwera mu 399 B.C., demokalase itabwerera kale. Meletus, Anytus ndi Lycon anamusumira kuti salemekeza milungu ya mzinda ndipo akusocheretsa achinyamata. Pamaso pa oweruza pafupifupi 500, mkuluyu wa zaka 70 sanalire, sanabweretse ana ake kuti amumvere chisoni, sanalonjezenso kuti atseka pakamwa. Anamugamula kuti afe. Mnzake Crito anakonza zoti athawe m'ndende, iye anakana, poti sankafuna kuphwanya malamulo a mzinda umene unamulera. Anamwa poizoni. Sunali mwavi woyesera mlandu ayi, chinali chilango basi.

Socrates sanalembe buku. Zimene tikudziwazi anasunga ndi ophunzira ake, Plato ndi Xenophon.

Tsono funso la kalabu yanu ndi ili: pamsonkhano wa m'mudzi, onse akagwirizana chinthu chokhota, ndani amaimirira? Nanga akaimirira, ife timamumvera kapena timamuwowoza? Kambiranani, mutilembere.