Dotolo David Livingstone ndi Mendulo ya Dzina Lake

Akalaliki a Boma ndi aphunzitsi okhala ku Kanjedza amalemba dzina lakuti Blantyre pa kalata iliyonse, ndipo ana a sukulu amadziwa kuti ndilo dzina la mudzi wa ku Scotland kumene David Livingstone anabadwira pa 19 Malichi 1813. Chimene ambiri amaiwala nchakuti munthuyu anali dotolo. Anayamba kugwira ntchito m'nyumba yopota thonje ali ndi zaka 10, nasunga ndalama zolipirira maphunziro ku Glasgow, ndipo mu 1840 bungwe la madotolo ndi ochita opaleshoni a mumzindawo linampatsa chikalata chochizira anthu.

Mu 1844 ku Mabotsa mkango unamgwira paphewa nuphwanya fupa la mkono wake wamanzere. Fupalo silinalumikizane bwino moyo wake wonse. Mdani wina amene analimbana naye anali malungo. Anasakaniza kwinini ndi mankhwala otsegula m'mimba napanga mibulu imene inapulumutsa apaulendo ambiri, ngakhale kuti iye sanadziwe kuti nthendayi imadza ndi udzudzu. Mibuluyo inalephera kupulumutsa mkazi wake Mary, amene anamwalira ku Shupanga mu Epulo 1862.

Kuno kwathu anakwera mtsinje wa Shire mu 1859, naona nyanja ya Chilwa, kenaka Nyanja yaikulu. Mu Julaye 1861 pamudzi wa Mbame, kufupi ndi Blantyre wa lero, iye ndi anzake anamasula akapolo 84 m'magoli, napita nawo ku Magomero.

Atamwalira kwa Chitambo mu Meyi 1873, Susi, Chuma ndi anzawo anaumitsa mtembo naunyamula miyezi yambiri kufikira kunyanja yamchere. Utafika ku London nkhope inali yosadziwikanso. Sir William Fergusson, katswiri wa opaleshoni amene anapimapo mkono uja mwini wake ali moyo, ndiye anatsimikiza kuti ndi iye ndithu poona fupa la mkango lija.

Amisiri ambiri anaumba nkhope yake. Chifanizo cha mkuwa choimirira pa mathithi a Victoria Falls ndi ntchito ya William Reid Dick, ya mu 1934. Ku Amereka mendulo yokumbukira zaka 100 za kubadwa kwake anaikonza Gutzon Borglum, yemwe pambuyo pake anasema nkhope za mapulezidenti pa phiri la Rushmore. Koma imene ikukhudza dziko lino ndi mendulo ya bungwe la Royal Scottish Geographical Society, yojambulidwa ndi mmisiri James Pittendrigh Macgillivray. Anaikhazikitsa mu 1901 mwana wake wamkazi wa Livingstone, Mayi Agnes Bruce, ndipo woyamba kuilandira anali Sir Harry Johnston, amene anakhazikitsa ulamuliro wa Angerezi m'dziko muno.

Pano pali fupa lolimba kwa mphunzitsi wa mbiri yakale. Banja lomwelo la Bruce ndilo linali ndi minda yaikulu ya ku Magomero, komwe akapolo aja anakapumira, ndipo m'mindamo anthu analira ndi thangata. Woyang'anira mindayo, William Jervis Livingstone, anali wa mtundu womwewo wa dotoloyo. Usiku wa pa 23 Januwale 1915 anthu a John Chilembwe anafika panyumba pake namdula mutu.